Akatswiri a za Maganizo Akaphunzirire Kumudzi

Kodi mwana wa Fomu 2 wa ku Nsaru, amene waleka kudya ndi kugona chimwalirire mayi ake, adzaonana liti ndi katswiri wa za maganizo? Tiyankhe mosabisa: sadzaonana naye. Chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chili ku Zomba. Koleji ya St John of God, imene imasula aphungu, ili ku Mzuzu. Ku Kabudula, ku Mpingu ndi ku Nambuma, woyamba kuona misozi ya mwanayo ndi mnzake wokhala naye desiki imodzi.

Tsono ife tikuti, wophunzira za maganizo asalandire digiri asanakhale teremu yathunthu pa sukulu ya kumudzi. Buku lachingerezi lidzamphunzitsa dzina la nthenda, komatu mwana wa kwathu kuno satchula dzina limenelo. Iye amati "mutu ukundiwawa," kapena "ndikuganiza kwambiri," mwinanso amangoti chete. Khutu lomva zotere munthu salipeza m'kalasi.

Ena adzatiseka nati, "Mwana angachize mwana mnzake?" Ife sitinatero ayi. Ku Harare, m'chaka cha 2006, Dokotala Dixon Chibanda anayamba ntchito yophunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu osweka mtima, atakhala pa benchi kunja kwa chipatala, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anatsimikiza kuti odwalawo anapezadi bwino. Koma agogowo anali ndi owayang'anira, ndiponso ankadziwa kotumiza munthu amene nthenda yamkulira.

Apa ndi pamene ife timapunthwa. Timakhazikitsa kalabu pa sukulu, kugawa malaya olembedwa, kujambulitsa zithunzi, galimoto n'kubwerera kutauni dzuwa lisanapendeke. Mtsikana wa zaka 15 n'kutsala yekha ndi chinsinsi cha mnzake amene wamuuza kuti amwa tameki. Mtolo wotere ngwothyola khosi, ndipo kumsenzetsa mwana ndi nkhanza.

Wophunzira uja ndiye amlandire mtolowo. Azikumana ndi anawo mlungu ndi mlungu, awaphunzitse kusunga chinsinsi ndiponso nthawi imene chinsinsi chiyenera kuululidwa kuti moyo upulumuke. Akalonjere anyakwawa ndi makolo, adziwenso njira ya ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene chatumikira dera lino kuyambira 1959. Nayenso mphunzitsi wake wa ku koleji azibwera kudzamuona, ngakhale m'dzinja, misewu ya kumidzi ili matope okhaokha.