Chambiko cha m'Nsalu

Makolo anzanga, ndi inu ana athu, mwezi uno ndafuna kuti tikambirane za mkaka wa madzulo. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, ndili pa ulendo wa kusukulu m'mamawa, ndinakumana ndi mnansi wanga akubwerera ndi chigubu chake pa njinga, nkhope ili yakugwa. Anali atapita ndi malita 12 kumalo kumene alimi amasonkhanitsa mkaka, ndipo oyesa anaukana, nati wayamba kusasa. Oyesawo sanalakwe ai, pakuti mkaka wosasa ukalowa m'thanki umaononga mkaka wa anthu onse. Cholakwa chinali chakuti mnzangayo anasakaniza mkaka wa m'mawa ndi wa dzulo madzulo, umene unagona m'nyumba yotentha usiku wonse. Nditamfunsa chimene akachite nawo, anangoti, "Aphunzitsi, nkhumba zidya bwino lero." Patapita ola limodzi ndinali kuyang'ana mwana wake akuodzera m'kalasi, atabwera wosalawa kanthu.

Mkaka wa m'mawa uli ndi msika wake. Wa madzulo ndiwo umasowa kolowera, makamaka kwa iwo okhala kutali ndi thanki, ndi kwa ife tonse amene tilibe firiji. Tsono pali njira yousandutsira chakudya cholimba, chokoma, chimene mwana angapake pa mbatata. Kunyumba kwathu timangochitcha chambiko cha m'nsalu. Ena amachitcha tchizi, ndipo sanama, pakuti tchizi chilichonse ndi mkaka woundana umene wachotsedwa madzi.

Wina asaganize kuti ndabwera ndi zachilendo. Ife a kuno kumalire tili ndi mbiri ya ng'ombe. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo gulu la mwana wake Mpezeni linadzakhazikika dera la Chipata ndi mbali ino ya Mchinji, kumene kufikira lero tili ndi Inkosi Zulu ndi Inkosi Mlonyeni. Chakudya chao chaulemu chinali amasi. Agogo anga akuchikazi anali ndi chipanda chachikulu choboola kunsi, chotseka ndi kamtengo. Mkaka ukaundana m'menemo, iwo ankazula kamtengo kaja, madzi achikasu nkutuluka, nkutsala zolimba zokhazokha. Azulu a ku South Africa amachita chimodzimodzi, ndipo madziwo amawatcha umlaza. Agogowo ankati makolo ao anadya amasi tsiku ndi tsiku kufikira nkhondo ya 1898, pamene asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni nalanda ng'ombe zikwizikwi. Dzina lakale la boma lathu, Fort Manning, linachokera kwa mmodzi wa akulu a asilikaliwo. Makola atapita, luso nalo linayamba kuiwalika. Lero ng'ombe za mkaka zabwerera m'midzi ina, koma chipanda chija sichinabwerere.

Anthu a ku Lebanon, Syria, Jordan ndi Palestine, iwo sanaleke. Amathira yogati m'thumba la nsalu, nalipachika kuti madzi akhe, ndipo chotsalacho amachitcha labneh. Amadya m'mawa ndi buledi, atathira pamwamba mafuta a azitona. Ndi dziko lomwe lija limene timawerenga pa Genesis 18 kuti Abrahamu anapatsa alendo ake mkaka woundana. Njira yao ya nsalu ndiyo ndaiona yapafupi kuposa chipanda, chifukwa nsalu imachapika ndi kuwiritsika, pamene chipanda chimasunga litsiro m'ming'alu.

Chinthu chimodzi chimene agogo sankachita, koma ife tiyenera kuchita mosalephera, ndicho kuwiritsa mkaka. Mkaka wosawiritsa ukhoza kutenga chifuwa chachikulu cha ng'ombe, ndiponso nthenda ija imene imapolozetsa ng'ombe, imene mwa munthu imadza ngati malungo obwerezabwereza osamva mankhwala a malungo. Ena amati kusasa kumapha tizilombo tonse. Si zoona, kumachepetsa tina, koma sikumaliza. Chotero mukangokama madzulo, sefani mkaka pa kansalu koyera, muuike pa moto, mukutakasa kuti usapserere pansi, kufikira utawira ndi kufuna kusefukira. Pamenepo phulani, vundikirani, muusiye uzizire.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Kuwiritsa kwapha tizilombo toipa pamodzi ndi tabwino tomwe, ndipo mkaka wowiritsa mukausiya wokha kawirikawiri umavunda m'malo mosasa bwino. Ufunika mbeu. Mbeu yake ndi masupuni akulu awiri a chambiko chabwino, kapena a yogati ya m'sitolo yopanda shuga ndi yopanda mtundu, pa lita imodzi iliyonse. M'mbeumo muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya shuga wa mu mkaka ndi kumsandutsa asidi. Asidiyo akachuluka, zomanga thupi za mu mkaka zimagwirana, ndiko kuundana kumene timaona. Tizilombo ta yogati timakonda kutentha kwa madigiri 43. Popeza sitili ndi choyezera, sambani m'manja, mudonthezere pang'ono kuseri kwa dzanja: ukhale wofunda bwino koma wosaotcha. Mukathira mbeu mkaka uli wotentha kwambiri, mwaipha. Mukatakasa, vundikirani, mukulunge potoyo m'bulangeti, ndipo musamgwedeze. Pa maola 6 kapena 8 mudzapeza waundana. Mbeu ya chambiko siifuna kutentha kotero, koma imachedwerapo. M'nyengo yachisanu ya Juni ndi Julaye imatha tsiku lathunthu, pamene m'Okutobala usiku umodzi ukwanira.

Mkaka ukakana kuundana mutachita zonse bwino, funsani ngati ng'ombeyo siinabayidwe jekeseni wa mankhwala opha tizilombo masiku apitawa. Mankhwalawo amatsikira mu mkaka ndi kupha mbeu. Mkaka wotero suyenera kumwedwa kapena kugulitsidwa kufikira atakwana masiku amene alangizi a ziweto anena.

Tsopano nsalu. Pezani bafuta woyera, mikono iwiri, amene ntchito yake idzakhale imeneyi basi. Mchapeni, mumtsukuluze kwambiri, ndi kumuwiritsa m'madzi. Ndikunena izi chifukwa ulendo wanga woyamba, mai a kunyumba atachokapo, ndinatenga chitenje chatsopano chimene ndinachipeza pa chingwe. M'mawa mwake ndinapeza tchizi chobiriwira, chonunkhira sopo, ndipo mlandu wa chitenjecho unatenga sabata kuti uthe. Yalani bafutayo m'beseni, thirani chambiko pakati, muwaze mchere theka la supuni yaing'ono pa lita imodzi, musonkhanitse ngodya zinai, mumange ndi chingwe, ndi kupachika pa mtanda wa denga, beseni lili pansi pake. Lidzayamba kukha mofulumira, kenaka dontho limodzilimodzi monga chimachitira chidulo. Musafinye thumbalo ndi manja pofuna kufulumiza. Mudzangotulutsa zoyera zimene mufuna kusunga.

Malo opachikapo akhale ozizira, opita mphepo, kutali ndi utsi ndi ntchentche. Ngati pa nyumba pali mphaka, tsekani chitseko. M'nyengo yotentha pachikani madzulo, mutsitse m'mawa dzuwa lisanakwere. M'chisanu mukhoza kulisiya usana ndi usiku. Maola 8 amapereka chofewa chodya ndi supuni. Maola 24 amapereka cholimba chodula ndi mpeni. Musadabwe poona kuchepa kwake. Pa magawo 100 a mkaka, pafupifupi 87 ndi madzi, ndipo pa makapu anai a chambiko mudzatsala ndi kapu imodzi ndi theka, kapena kucheperapo. Koma m'kapu imodzi ndi thekayo ndimo mwatsala mafuta ndi zomanga thupi zambiri za makapu anai aja. Shuga wambiri wa mu mkaka wadyedwa ndi mbeu kapena watuluka ndi madzi, ndipo ndicho chifukwa chake akulu ambiri amene m'mimba mumawabwadamuka akamwa mkaka wamba amadya chimenechi popanda vuto.

Nanga malita 12 aja a mnansi wanga? Mkaka umene wangoyamba kusasa, wosanunkha, wosanyololoka ndi wosasintha mtundu, suli wa nkhumba. Uikeni pa moto. Ukawira udzadukaduka wokha, zoyera kuyandama m'madzi achikasu. Uthireni m'nsalu momwemo, muwaze mchere. Chotulukacho chimakhala chambulumbulu, chosasalala ngati chija cha mbeu, ndipo ine ndimachiona chosakoma kwenikweni pachokha. Koma chokazingira pamodzi ndi tomato ndi anyezi chimakhala ndiwo yoti mlendo afunse kuti ndi mazira a mbalame yanji.

Kadyedwe kake ndiko kosangalatsa. Kwa ine palibe choposa mbatata yootcha, yong'amba pakati ikadali yotentha, nkuikamo supuni yodzaza. Chinangwa chophika, chimene chimauma kukhosi, chimatsika bwino nacho. Pa buledi chimalowa m'malo mwa majarini, ndipo mwana wadya chomanga thupi m'malo mwa mafuta okhaokha. Agogo ankafwafwaniza nsima ya mkute m'mbale nkusakaniza ndi amasi, ndipo abusa a ng'ombe ankachoka m'mawa atakhuta zimenezo. Ana a masiku ano amayamba aipitsa nkhope, koma mbale imabwera yoyera.

Pakabwera alendo, mai a kunyumba amachiyala m'mbale yathyathyathya, nakumba kadzenje pakati ndi supuni, nathiramo mafuta pang'ono a mpendadzuwa, naika tomato ndi anyezi woduladula m'mbali, ndi kambuzi mmodzi wosinja kwa olimba lilime. Pamwamba amawaza mtedza wokazinga wosinja mwakabwerebwere. Mtedza ndiwo chuma cha boma lathu lino, ndipo umagwirizana ndi kuwawasa kwa chambiko koposa china chilichonse chimene ndinayesa. Koma sankhani bwino, mutaye wofota ndi wachuku, pakuti chuku cha mtedza chili ndi poizoni woononga chiwindi amene satha ndi kukazinga. M'ndiwo zamasamba, monga nkhwani kapena bonongwe, thirani supuni ziwiri mutaphula kale. Mukathira mphika uli pa moto chimadukaduka. Nyengo ya mango, chisiyeni chopanda mchere, muduliremo mango, nthochi kapena papaya. Shuga safunika.

Ife pophunzira tinkaloweza magulu atatu a zakudya; lero timaphunzitsa ana magulu asanu ndi limodzi, ndipo gulu limene limasowa kwambiri m'mbale za ana a m'kalasi langa ndi la zochokera ku nyama. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osafika zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Supuni imodzi m'phala la m'mawa, yothira phala litaphulidwa, si chinthu chaching'ono kwa mwana wotero. Amai a makanda amvetse bwino: miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi bere lokha. Ikatha miyeziyo mukhoza kuyamba kuthira pang'ono m'phala, chopanda mchere, mukupitiriza kuyamwitsa. Uchi musampatse mwana wosakwana chaka.

Madzi aja a m'beseni musataye. Muli mchere wolimbitsa mafupa ndi zina zabwino zimene zatuluka m'thumba. Phikirani phala, kapena kandirani chigumu ndi zitumbuwa. Pokhala owawasa, akakumana ndi soda amatupitsa bwino kuposa madzi wamba. Otsala ndiwo mupatse nkhumba ndi nkhuku, kuti nazonso zisadandaule.

Kasungidwe kake ndinene mosabisa. M'firiji chimakhala sabata imodzi. Popanda firiji, chiikeni m'bakuli lovundikira, mulikhazike m'mphika wadothi wokhala pa mchenga wonyowa pamthunzi, ndipo chidyedwe m'masiku awiri. Anthu a ku Lebanon amachiumitsa masiku atatu, naumba timibulu, natimiza m'botolo la mafuta a azitona, ndipo timakhala nthawi yaitali. Ndinayesa ndi mafuta a mpendadzuwa ndipo zinatheka, koma sindingalangize munthu wopanda firiji kuti adalire njirayi m'kutentha kwa Okutobala. Chikachita chuku, chikanyololoka, kapena chikasintha fungo, chitayeni osalawa. Supuni yotapira ikhale youma ndi yoyera, ndipo chala cha mwana chisalowemo.

Inu anyamata ndi asungwana, ntchito imeneyi si ya amai anu okha. Amene amakama madzulo ndinu, ndipo kuwiritsa poto mmodzi sikungakulepheretseni kuwerenga. Nsalu ichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa tsiku lomwelo, isagone ndi zotsalira. Ndipo musanathire chambiko m'nsalu, musanawaze mchere, tapani masupuni anai muike padera m'kabotolo kotseka: imeneyo ndiyo mbeu ya mawa. Mbeu ikayamba kufooka kapena kusintha fungo patapita masabata angapo, gulani yatsopano kapena pemphani kwa mnansi. Kabotoloko mukaike pamwamba penipeni. Kwathu mzime wathu anakapeza kawiri, ndipo kawiri konse mkaka wa tsikulo tinangoumwa m'tiyi.