Cider wofulula pakhomo sachititsa khungu

Mawu afala pa WhatsApp ndi pa Facebook akuti wofulula cider pakhomo akudziitanira khungu, ati chifukwa madzi a maapozi akawira amatulutsa poizoni wotchedwa methanol. Owatumiza ali ndi mtima wabwino, koma akuopseza anthu ndi chinthu cholakwika.

Methanol amapezekamodi. Amachokera ku pectin wa m'chipatso, ndipo ngakhale madzi a zipatso ogula m'sitolo ali naye pang'ono. Nkhani yagona pa kuchuluka. Yisiti ikadya shuga wa maapozi imatulutsa ethanol, yemwe amaledzeretsa, ndipo cider wamba amathera pa 5 mpaka 7 peresenti. Methanol wa m'menemo ndi wochepetsetsa moti munthu angagwe kaye ndi kuledzera asanamwe mlingo woti n'kuononga maso. Chodabwitsa n'chakuti ethanol yemweyo madokotala amamugwiritsa ntchito pothandiza amene wamwa methanol.

Nanga akhunguwo amachokera kuti? Kwa amalonda adyera amene amathira methanol wa m'mafakitale mu mowa waukali kuti uchuluke. Zinachitika ku Czech Republic mu 2012, anthu oposa 40 n'kufa. Ku Vang Vieng m'dziko la Laos mu 2024, alendo 6 anamwaliranso ndi methanol wa mu mowa waukali. Palibe mwa iwo amene anamwa madzi a maapozi owirira m'chigubu kukhitchini. Kutcheza, monga amachitira ndi kachasu, ndi ntchito ina. Wofulula cider satcheza.

Woyamba kumene aziopa zina. Ku Devon, ku England, omwa cider ankapotoka m'mimba zaka zambiri mpaka dokotala George Baker atasonyeza mu 1767 kuti gwero linali mtovu wa m'zipangizo zofinyira maapozi. Madzi owawasa amadya chitsulo, choncho fululirani m'galasi kapena m'pulasitiki wosungira zakudya, osati chigubu chomwe munali mafuta kapena mankhwala. Kumbukiraninso za ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu Januwale 2015: anthu 75 anafa atamwa mowa pamaliro, mphekesera n'kuloza ndulu ya ng'ona. Ofufuza anapeza kuti poizoni anachokera ku mabakiteriya a mu ufa woonongeka. Uwo unali mowa wachimanga, inde, koma wofulula aliyense atolepo kanthu: apozi lowola kapena lochita chuku litayeni, musamve nalo chisoni.

Ngozi imene imagwera ongoyamba kawirikawiri ndi botolo. Wina amatopa kudikira, n'kutsekera cider akadawirabe. Mpweya umachulukana mpaka galasi kuphulika. Pachivundikiro pakhale potulukira mpweya koma wakunja usalowe, apo ayi mupeza viniga. Dikirani thovu lileke, masese akhale pansi, ndipo mabotolo ake akhale olimba, aja opangidwira zakumwa za mpweya.