Dzino lachitatu la pulagi si lokongoletsa

Mvula ikamayandikira timakumbuka denga ndi ngalande, koma pali kachitsulo kena komwe ambiri sitidziwa n'komwe ngati kalipo pakhomo pathu. Ndikunena ndodo ya earth, ija amakhomera pansi pafupi ndi mita n'kuilumikiza ku bokosi la main switch ndi waya wa mizere yobiriwira ndi yachikasu.

Magetsi a ESCOM amalowa m'nyumba ndi mphamvu ya mavolti 230. Waya wamoto ukasupuka mkati mwa firiji kapena ayironi n'kukhudza chitsulo chakunja, magetsiwo amasaka njira yopita pansi. Earth ikakhala yabwino, amathamangira mu waya uja. Ikapanda kukhalapo, njirayo ndinu, makamaka mukaima opanda nsapato pasimenti yonyowa. N'chifukwa chake dzino lapamwamba la pulagi ndi lalitali: limalowa loyamba, n'kutuluka lomaliza. Ndiye ena amalithyola dala, ena amangosomeka mawaya awiri musoketi n'kutchinjiriza ndi machesi!

Ndodo payokha sikwanira. Dothi likauma gwa mu Okotobala, magetsi odutsa pandodopo amachepa moti breaker wamba sangagwe. Pamafunika earth leakage ya mamiliampu 30, yomwe imazimitsa magetsi munthu asanavulale. Ili ndi kabatani koyesera. Kadineni lero, magetsi akapanda kuzima, itanani wodziwa.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kubafa. Mapaipi achitsulo a madzi ndi giza ziyenera kumangidwa ndi waya ku earth yomweyo ya mubokosi, kuti zitsulo zonse zomwe munthu angagwire zisasiyane mphamvu. Mpopi ukamanyerenyetsa m'manja, imeneyo ndi nyesi, osati nkhani yoseka n'kumauza ana kuti azitsegula ndi kansalu.

Pali chinyengo china: kulumikiza neutral ndi earth kuseri kwa soketi kuti ntchito ioneke ngati yatha. Tsiku lomwe neutral idzaduke panjira, chitsulo cha firiji chidzakhala chamoto. Zothira mchere pandodo nazonso ndilibe nazo chikhulupiriro. Zimathandiza kwa kanthawi, kenako mcherewo umadya chitsulocho.

Olemba ntchito ya mawaya, funsani chiphaso cha MERA, ndipo mmisiriyo ayeze earth ndi makina inu mukuona. A lendi, funsani eni nyumba akulozereni pomwe pali ndodo. Mungapeze waya wake adadulidwa kalekale ndi akuba kopa, kapena ndi khasu la wolambula pakhomo.