Ndege zimene zinatiphulitsa zisasungunulidwe



Sabata yatha ndinaonetsa ana a kalasi 6 chithunzi cha ndege pafoni yanga. Inali Fiat G.91, ndege yankhondo imene ikusungidwa ku Museu do Ar, nyumba yosungiramo ndege zakale ku Sintra, m'dziko la Portugal. M'mawa mwake bambo wa mwana wina anandidikirira pabwalo la sukulu. Anati, "Aphunzitsi, ndege zimenezi zinapha abale athu. Mukuzionetseranji ana ngati maluwa? Apwitikiziwo akanakhala ndi manyazi bwenzi atazisungunula n'kupanga mapoto." Ndinawamvetsera mwaulemu chifukwa ankalankhula zowawawa mumtima. Koma sindikugwirizana nawo, ndipo chifukwa chake ndichinena pano pagulu.

Tiyambe ndi ndegeyo. Fiat G.91 ndi ndege ya ku Italy. Portugal inagula ndege 40 za mtunduwu ku West Germany mu 1966, ndipo zina zinabwera kuno n'kumanyamukira pabwalo la Chingodzi ku Tete. M'nyumba yomweyo muli helikopita ya ku France yotchedwa Alouette III, imene inkanyamula asilikali kupita nawo kutchire. Asilikali a m'mlengalenga a ku Portugal anasiya kuigwiritsa ntchito mu 2020.

Pa 16 Disembala 1972, ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo monga Chawola ndi Juwau, kum'mwera kwa mzinda wa Tete, ndege zinaponya mabomba, mahelikopita natsitsa makomando. Anthu pafupifupi 400 anaphedwa, kuphatikizapo amayi ndi makanda. Ambiri anawomberedwa pansi, ena anatenthedwera m'nyumba. Ansembe a Chikatolika anasonkhanitsa mayina a ophedwawo, ndipo Bambo Adrian Hastings anaulula nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ku London mu Julayi 1973. Boma la Marcelo Caetano linakana. Ena anafika ponena kuti mudzi wotchedwa Wiriyamu kulibe pamapu. Panadutsa zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ipepese ku Maputo mu 2022.

Ndiye taganizani. Anthu amene anatha kukana mudzi wathunthu, tiwapemphe lero kuti asungunule zida zimene anagwiritsa ntchito? Akuluakulu amati mlandu suwola. N'zoona, koma mboni zimamwalira. Agogo amene ankathawira m'mapiri akamva kulira kwa ndege akutha mmodzimmodzi. Mwana amene ankayamwa mu 1972 lero wadutsa zaka 50. Tsiku likubwera limene wokayika adzati zonsezi ndi nthano za Frelimo. Tsiku limenelo ndikufuna ndegeyo idzakhalepo, ndi mapiko ake, ndi malo opachikapo mabomba, kuti mdzukulu wanga adzailoze ndi chala. Poto sachitira umboni munthu.

Pali anthu enanso amene ndikulimbana nawo, ndipo awa amandikwiyitsa kuposa bambo aja. Ndi aja amene akaona ndege yotere amangofunsa kuti imathamanga bwanji, injini yake ndi yotani, penti yake ndi yokongola chotani. Amati ndege ndi chitsulo chabe, ilibe mlandu. Inde chitsulo chilibe mlandu, koma sichinapangidwe kuti chizinyamula chimanga. Ndege yankhondo yopukutidwa bwino, yoikidwa pamalo owala popanda kutchula amene anali pansi pake, imaphunzitsa mwana kusirira woponya bomba n'kuiwala wophulitsidwa. Apa bambo aja ananena zoona. Kumene tasiyana n'koti iwo akuti tichotse ndegeyo, ine ndikuti tiwonjezere mayina a midzi pambali pake.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Ku Mbuzini, ku South Africa, kumene ndege ya Tupolev Tu-134 inagwa pa 19 Okutobala 1986 n'kupha Pulezidenti Samora Machel ndi anthu ena 34, zidutswa za ndegeyo sanazitaye. Zikusungidwa pomwepo, pafupi ndi mapaipi achitsulo 35 oimira aliyense amene anamwalira. Komanso nkhondo ya zaka 16 itatha, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo yachikhristu anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mfuti zina anazidula n'kupanga mpando umene uli ku British Museum. Aliyense wouona amazindikirabe kuti ndi mfuti. Anazilanda mphamvu yopha koma sanazilande mphamvu yokumbutsa.

Tsono ife titani, popeza ana athu ambiri sadzafika ku Sintra? Aphunzitsi anzanga, musaope kuonetsa chithunzi cha Fiat G.91, koma musachionetse chokha. Jambulani mapu a Tete pabolodi, ikanipo Chingodzi, ikanipo Wiriyamu, ana aone kufupika kwa mtundawo. Kenako muwatume akafunse agogo awo kuti ndege zikamabwera ankabisala kuti, ankatontholetsa bwanji ana, ankaphika nthawi yanji kuti utsi usaoneke. Alembe mayankhowo m'makope monga mmene agogowo anenera, ndipo makopewo asungidwe pasukulu. Makolo, mwana akabwera ndi mafunso amenewa musamuthamangitse kuti ndi zakale.

Bambo aja ndawaitana kuti Lachisanu adzalankhule ndi kalasi yanga. Sanayankhe kuti abwera kapena ayi. Chithunzicho ndachisindikiza papepala, ndipo m'munsi mwake ndasiya malo oti ana adzalembepo zimene adzamve.