*CHIKONDI CHA PABWALO LA MPIRA NACHONSO TIZIITANITSA KUNJA?*

Abale ndi alongo pagulu pano, pepani ndi bandulo yanu, lero ndalemba motalika. Koma werengani mpaka pansi musanayambe kundiponyera miyala.

Kuli mayi wina ku Britain dzina lake Hannah Grace. Mu 2022 anatulutsa buku lotchedwa Icebreaker. Poyamba anadzisindikizira yekha, achinyamata a pa TikTok analigwira nkulifalitsa, mpaka kampani yaikulu ya mabuku inabwera kudzalitenga. Nkhani yake ndi ya mtsikana wovina pa madzi oundana ndi mnyamata kaputeni wa timu ya hockey pa yunivesite ina ku America. Bwalo limodzi lawonongeka, ndiye awiriwa akakamizika kugawana lotsalalo. Ayamba ndi kunyansidwana, atha ndi kukondana. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Mnzake Elle Kennedy wa ku Canada anachita chimodzimodzi ndi The Deal mu 2015. Kunjako ndi mtundu wa mabuku pawokha, chikondi cha anthu a zamasewero, ndipo olemba ake akudya bwino.

Mabuku amenewa afika kuno kudzera m'mafoni, ma PDF ongopatsirana ngati chimfine. Mtsikana wa ku Mponela kaya ku Malomo, yemwe madzi oundana amangowaona mu jumbo ya freezes, wafunda bulangete usiku akuwerenga za mnyamata wothamanga pa ayezi atavala nsapato za mpeni kunsi. Mwanayo sindikumudzudzula ayi. Ali ndi njala ya nkhani, ndipo wadya zomwe wapeza. Mlandu wanga uli ndi ife akuluakulu, makamaka inu ophunzira amene mumakwinya mphuno mukamva mawu oti buku la chibwenzi.

Mumati ndi zachibwana. Mumati zolemba zenizeni ndi zomwe zimalowa pa silabasi ya MSCE. Zotsatira zake mwaziona? Wolemba wa Chichewa lero amalemba diso lili pa mayeso, wosindikiza amafunsa kaye ngati sukulu zidzagule, ndipo mwana amagwira buku la chiyankhulo chake ngati kwinini, akamaliza fomu 4 osadzaligwiranso. Mwasandutsa kuwerenga Chichewa kukhala chibalo, kenako mukudabwa kuti ana akuthawira ku Chingerezi cha pa ayezi. Eti?

Kwathu kunyanja, usipa sutsata mlovi chifukwa choti waulalikira. Umatsata nyali. Siginala amayatsa nyali pakati pa mdima, usipa nkusonkhana wokha, chilimira chimabwera pambuyo. Chikondi ndi mpira ndiye nyali ya achinyamata. Anzathu akunja adziwa zimenezi, ife tikukokabe ukonde mumdima.

Ndipo taonani chinsinsi cha mabuku amenewa, chifukwa palibe ufiti. Masewero amapatsa nkhani wotchi: ligi ili ndi poyambira ndi pothera, fainolo ikubwera kaya mukufuna kaya simukufuna. Amapatsa nkhani mdani, timu ya tsidya lina. Amapatsa nkhani thupi lomwe likhoza kuthyoka tsiku lililonse nkuthetsa maloto onse. Ndiye pakati pa zonsezi muikepo anthu awiri omwe akufunana koma pali chowatchinga. Lamulo ndi limodzi lokha, pamapeto chikondi chipambane. Tandiuzani, mwa zinthu zimenezi ndi chiti chomwe kulibe ku Dowa ndi ku Ntchisi?

Ndatchula maboma awiriwa dala. Ife a m'mbali mwa nyanja timakwera mapiri amenewo ndi madengu a usipa, ndipo aliyense wodutsa ku Mvera Loweruka masana amadziwa momwe bwalo la pasukulu limadzadzira. Fumbi kobo, goloboyi wopanda magolovesi, amayi atakhala pa zitenje, ana m'mitengo, oyimbira mpira akuyang'ana kale njira yothawira. Mbali inayi atsikana a ntchemberembaye akulumpha opanda nsapato, mzere wa bwalo wolembedwa ndi phulusa. Timu yabwera pa lole kuchokera kuseri kwa phiri, mphoto ndi mbuzi, kapena chikho cha bwana wofuna uphungu yemwe adzasowe chisankho chikadutsa. Mukuganiza maukwati angati a m'midzi imeneyo anayambira kuseri kwa golo? Funsani azakhali anu.

Nkhani zili mbwee, zongofuna wotola. Ndikupatsani zitatu zaulere, ndazipeka ndekha, tengani.

Yoyamba. Mtsikana womwetsa zigoli pa timu ya netibo kumapiri a Ntchisi, aphunzitsi akuti akhoza kufika patali. Koma fodya chaka chino sanayende bwino ku okushoni, ngongole ya feteleza ili pakhosi, ndipo atsibweni ake amvana kale ndi mwamuna wa golosale. Mnyamata amene amamukonda ndi wakabaza, katundu wake ndi njinga basi. Fainolo ndi chinkhoswe zagwera sabata imodzi. Kumbukirani kuti mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, koma lamulo la papepala silifika lokha kuseri kwa phiri. Buku lokoma lomwe atsikana angabwerekane mpaka kung'ambika likhoza kufika komwe chikalata cha bungwe sichifika.

Yachiwiri. Mnyamata wobadwira mu kampu ya Dzaleka, makolo ake anathawa nkhondo ku Congo, mwendo wake wamanzere ndi moto. Kampu imeneyi inatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale panali ndende, ndipo lero muli anthu opitirira 50,000. Malamulo amati othawa kwawo azikhala mu kampu, ndipo mu 2023 tinaona tokha anthu akukokedwa m'matauni kubwezedwa komweko. Mnyamata ameneyu Chichewa amayankhula kuposa ine, wakonda mtsikana wa mudzi woyandikana nawo, koma tsogolo lake lathera pa geti. Hannah Grace akanakhala ndi nkhani ngati imeneyi bwenzi atalemba mabuku atatu.

Yachitatu. Kaputeni wa timu ndi mnyamata wa kudambwe, mtsikana ndi mwana wa mkulu wa mpingo. Apongozi akufuna chikamwini, timu ya ku Lilongwe ikumuitana. Ankhoswe akoka uku, kochi akoka uko. Mwati pamenepa munthu angagone asanamalize chaputala?

Wina ati, "Aaa, atsikana a kuno ndi mpira wapi ndi wapi." Mwagona inu. Mwawi Kumwenda anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse pa chikho cha dziko lonse cha netibo ku Sydney mu 2015. Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi, anamwetsa zigoli kuposa aliyense mu ligi ya amayi ya ku Italy ali ku Inter Milan. Mng'ono wake Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current, kuphwanya mbiri ya ligi ya ku America. Ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Sindikuti mulembe za moyo wawo wamseri, zimenezo ndi zawo, asiyeni. Ndikuti mwana wamkazi wa kumudzi wokankha chikulunga salinso nthano. Chomwe chatsala ndi bodza lija loti mkazi wosewera mpira sakwatiwa, akuti amasanduka mwamuna. Bodza limeneli lachotsa atsikana ambiri pabwalo kuposa kuvulala. Lembani buku lomwe mtsikana atenga chikho ndi mwamuna womulemekeza zonse pamodzi, muone ngati silimenya bodzalo pamphumi.

Tsopano a mipingo ndi makolo, nkhawa yanu ndaimva ndipo ndi yoona. Icebreaker chikuto chake ndi chazithunzi zojambula ngati buku la ana, koma mkatimo muli zakuchipinda zosabisa, si la mwana wa fomu 1 ayi. Koma mudzaletsa bwanji chinthu cholowa pa foni usiku inu muli mkonono? Mwana wanjala simumulanda chikanda nkumusiya chimanjamanja, mumamuphikira nsima. Tikalemba tokha tidzalemba ndi manyazi athu, ulemu wathu, ndi nthabwala zathu, momwe munthu wa kuno amafunsira mbeta.

Ndipo musandiuze kuti kumapiri kumeneko sikutuluka mabuku. Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, lomwe linapata mphoto nkutuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi kuti Man of Africa. Yemweyo analembanso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi ku Dowa konko. Azungu ankawerenga za mudzi wa Achewa zaka 90 zapitazo, lero adzukulu a Achewa omwewo akuwerenga za ayezi. Za chikondi nazo tinali nazo. Aubrey Kalitera m'zaka za m'ma 1980 ankadzisindikizira yekha mabuku ngati Why Father Why pa dzina la Power Pen Books, osadikira chilolezo cha mapulofesa. Analibe WhatsApp, analibe Facebook. Inu muli nazo zonse m'thumba, mukudikira chiyani?

Mawu omaliza ndi a ife owerenga, chifukwa nafenso tili ndi nthenda yathu: "tumizeni PDF." Munthu walemba miyezi isanu ndi umodzi, inu mwagawira magulu khumi pa mphindi imodzi, kenako muzidandaula kuti Amalawi salemba. Kumeneko ndi kuvuula ukonde wa mnzako usiku, dzina lake ndi kuba, ndipo COSOMA inakhazikitsidwa chifukwa cha khalidwe lomweli. Ndalama yobetchera timu ya ku England mumaipeza sabata iliyonse. Wolemba wa kwanu akaika nambala ya Mpamba kaya Airtel Money pansi pa chaputala, mutumizireni kangachepe. Fodya ndi uyu ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Ndiye iwe mphunzitsi wachinyamata wa ku Madisi, iwe namwino wa ku Ntchisi boma, iwe mtsikana wa ku Kongwe wodzaza makope ndi nkhani zomwe umabisa pansi pa mphasa: Loweruka likubwerali pita kubwalo, khala kuseri kwa golo, tsegula makutu. Lemba chaputala choyamba m'Chichewa chomwe anthu akukuwa pamenepo. Ukatumiza pagulu pano, ine ndikhala woyamba kulipira.

Amene zamukhudza atumize kwa ena. Amene zamupweteka ayankhe ndi buku.

Ndatha ine wanu,
*Mwana wa mlovi, kuno kunyanja*