Malikisi apite kwa wofufuza vuto, osati kwa kababu koyaka

Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi amaphunzira zamagetsi, ine za mbiri yakale. Sabata yathayi tonse sitinagone bwino chifukwa cha kabolodi kosaposa chikhatho changa. Ntchito yake inali yotsitsa magetsi a batire ya sola kuchoka pa 12 volts kufika pa 5 volts, kuti azitchajira foni.

Pamtima pa kabolodiko panali chip yotchedwa LM2596. Iyo siitsitsa magetsi powatentha ayi. Imawayatsa ndi kuwazimitsa maulendo 150,000 pa sekondi imodzi, kenako koyilo ndi ma capacitor amawasalaza kuti atuluke oyenda bwino. Atamaliza kuwotcherera, mita inawerenga 5 volts, ndipo tinawomba m'manja. Atangolumikiza foni, nambala ija inayamba kugwa, chip n'kutentha moti chala sichinkakhalapo.

Anachita zomwe tonse timachita: kuloza chala chinthu chodula. Anati chip ndi yabodza, anagula ina ndi ndalama ya ndiwo. Vuto lomwelo. Usiku wachitatu ndi pomwe anatenga kope, n'kuyamba kulemba chilichonse chimene wayeza. Mwendo woyamba wa chip, 12 volts, palibe vuto. Mwendo wachinayi, umene chip imamvera ngati magetsi otuluka ali pa mlingo wake, 1.23 volts foni isanalumikizidwe, monga chikalata cha opanga chikunenera. Choncho chip inkagwira ntchito yake. Anatsata chipangizo chilichonse, kuyerekeza ndi chojambula, mpaka ndinamva akuti, “Aise, taona diode iyi.”

Pa shopu anamupatsa 1N4007 m'malo mwa 1N5822, akuti ndi chimodzimodzi. Sizofanana. Chip ikazimitsa, magetsi otsala mu koyilo amadutsira mu diode, ndipo ikayatsanso diode iyenera kutseka msanga. 1N4007 inapangidwira magetsi a pakhoma amene amatembenuka ka 50 kokha pa sekondi, ndiye imachedwa kutseka, mphamvu n'kumathera mu kutentha. Komanso imapirira 1 amp yokha pomwe inayo imafika 3. Anasintha, foni n'kuyamba kutchaja.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Pa tsiku loonetsa ntchito, malikisi ambiri amapita pa funso limodzi: kodi chikugwira? Mnzake wina wa m'kalasi momwemo anagula kabolodi kopangapanga ka chip yomweyi, anakabisa m'kabokosi, kababu n'kuyaka. Pa pepala la malikisi awiriwa akhoza kufanana. Ine ndikuti kumeneko n'kulakwitsa. Amene waphunzira zamagetsi ndi amene ali ndi masamba asanu a zoyeza, zolakwitsa ndi zofufuta. Kope limenelo lizichongedwa, ndipo lizilemera kuposa kababu. Wophunzira amene bolodi yake yakana mpaka mapeto, koma akutha kunena kuti vuto silili apa, silili apa, latsala apa, asamabwerere chimanjamanja.

Ndikudziwa yankho lake: kunja kuno kasitomala salipira kope, amalipira chaja yogwira. Zoona. Koma taonani amisiri okonza mafoni ndi ma inverter m'misika mwathu. Zinthu zimabwera kwa iwo zitafa kale, ndipo chimene amadyera ndi kudziwa poyika nsonga za mita. Wogula kabolodi kopangapanga uja, tsiku limene kadzafe adzagula kena, basi.

Ife a mbiri yakale tisaseke. Timapereka nkhani yosalala, yokhala ngati tinadziwa yankho kuyambira tsamba loyamba, ndipo palibe amatifunsa mfundo imene tinayamba nayo n'kuitaya itatsutsidwa ndi umboni. Ineyo ndakhala ndikusiya dala buku losagwirizana ndi mfundo yanga kuti ndime isasokonekere.

Chip yoyamba ija, imene tinaitukwana kuti ndi yabodza, mnzanga anaibwezera pa bolodi dzulo kuti angoona. Ikugwira bwinobwino.