GAUTI: NTHENDA YA MCHERE WA M'MAGAZI IMENE AMBIRI AKUINAMIZIRA UFITI

Aliyense woŵeta nkhuku amadziŵa kuti chitosi chili ndi mbali ziŵiri, yakuda ndi yoyera. Mbali yoyerayo ndiyo mkodzo wa nkhuku, pakuti mbalame sizikodza madzi monga imachitira mbuzi. Choyeracho akatswiri amachitcha uric acid. Chinthu chomwechi chimapezekanso m'magazi a munthu aliyense, ndipo chikachuluka chimadzetsa nthenda yoŵaŵa koopsa yotchedwa gauti, imene ambiri amangoiphatikiza m'gulu la nyamakazi.

Nthendayi imafika motere. Bambo amagona ali bwinobwino, koma pakati pa usiku amadzidzimuka chala chachikulu cha kuphazi chikuŵaŵa ngati chapsa ndi moto. Pofika m'maŵa chalacho chatupa, chikutentha ndipo khungu likunyezimira, kotero kuti ngakhale bulangeti likachikhudza munthu wamkulu amabuula. Popeza dzulo lake anayenda bwino, abale amafulumira kunena kuti waponda mankhwala panjira kapena kumunda. Amamtema mphini, ndipo patapita sabata imodzi kapena ziŵiri ululu umatha. Sing'anga amalandira malipiro ndi ulemu, mnansi amene anamganizira amatsala ndi mbiri yoipa, chikhalirecho gauti imaleka yokha pa masiku omwewo ngakhale wodwala asalandire chithandizo chilichonse. Imaleka, koma mchere woiyambitsa umakhala ukadali m'thupi, ndipo tsiku lina imabweranso.

Maganizo akuti nthendayi ndi yolodzedwa ayenera kutayidwa, chifukwa ndi matenda ochepa amene gwero lake linadziŵika bwino ngati aŵa. M'chaka cha 1679, Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft anayang'ana pa galasi lokulitsa zinthu choyera chotuluka m'chotupa cha munthu wa gauti, napeza kuti ndi tizidutswa tosongoka ngati singano. Mu 1776, Carl Wilhelm Scheele, wosakaniza mankhwala wa ku Sweden, anapeza asidi watsopano m'miyala yochotsedwa m'chikhodzodzo cha anthu, ndipo asidiyo ndiye uric acid. Mu 1797, William Hyde Wollaston wa ku England anasonyeza kuti zotupa za gauti zili ndi mchere wa asidi yemweyo. Dokotala wa ku London, Alfred Baring Garrod, anatsimikiza mu 1848 kuti magazi a odwala gauti ali ndi uric acid wochuluka kuposa a anthu ena. Pambuyo pake iye ankaviika ulusi m'madzi a magazi a wodwala, ndipo mcherewo unkamatirira ku ulusiwo mpaka kuoneka.

Alimi sadzavutika kumva za mapangidwe a asidiyu, pakuti amadziŵa kale naitirojeni wa m'feteleza. Pa makilogalamu 100 a Urea, 46 ndi naitirojeni, ndipo pa makilogalamu 100 a uric acid, naitirojeni ndi 33. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zitosi zimakometsera ndiwo zamasamba kudimba, ndiponso chimene anthu a ku Ulaya ankatumizira zombo ku Peru m'zaka za m'ma 1800 kukakumba zitosi za mbalame za kunyanja. Kusiyana kwake nkwakuti Urea amasungunuka msanga m'madzi, pamene uric acid ndi wouma mutu, sasungunuka wambiri. Mbalame zimapindula nazo chifukwa zimataya zoipa za m'thupi popanda kutaya madzi. Mbuzi ndi ng'ombe zili ndi mphamvu m'chiŵindi yosandutsa asidiyu kukhala chinthu china chosungunuka mosavuta. Munthu alibe mphamvuyo.

Uric acid wambiri amachokera m'thupi momwemo, pamene maselo akale akutha, ndipo wotsalayo amachokera ku zakudya. Impso zimachotsa pafupifupi magawo aŵiri mwa atatu, matumbo namaliza gawo lotsalalo. Mwa odwala ambiri vuto lenileni ndi lakuti impso sizikuchotsa mokwanira, ndipo kaŵirikaŵiri izi ndi za kumtundu. M'magazi asidiyu amagwirana ndi sodiyamu kukhala mchere wotchedwa urate. Ukapitirira mamiligalamu 6.8 pa mamililita 100, mcherewu umayamba kuundana monga shuga wotsalira pansi pa kapu ya tiyi wozizira. Umakonda kuundana m'malo ozizira a thupi, ndipo nchifukwa chake chala cha kuphazi, chimene chili kutali ndi mtima, chimayamba kugwidwa, makamaka usiku. Akakolo, mawondo ndi zigongono zimatsatira.

Mu Lilongwe muli bodza lina losiyana ndi la kumudzi. Chiyambire pamene mzindawu unakhala likulu la dziko mu 1975, mwakula gulu la anthu ogwira ntchito chokhala m'maofesi a ku City Centre ndi ku Capital Hill, amene amapita pa galimoto kuchokera ku Area 10, Area 12 kapena Area 43, ndipo madzulo amatsitsira kanyenya ndi moŵa. Pakati pa anthu otere gauti amaitcha nthenda ya mabwana, ndipo ena amainena monyadira ngati umboni wakuti zinthu zikuŵayendera. Ku Ulaya nakonso kale ankaitcha nthenda ya mafumu. Nzoona kuti kunenepa, moŵa, nyama yambiri ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zimakweza uric acid. Koma kunyadako nkopanda nzeru, pakuti gauti kaŵirikaŵiri imayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi kufooka kwa impso.

Choopsa cha dzina lakuti nthenda ya mabwana nchakuti wosauka amaganiza kuti iye singamgwire. Komatu chiŵindi, impso ndi nthumbwana zokazinga pa chiwaya ku Old Town zimakweza asidiyu kuposa nyama ya mnofu imene amadya ku Area 3, ndipo ndizo zotsika mtengo. Masese ndi kachasu sizisankha thumba la munthu. Mlimi wotakula matumba padzuŵa osamwa madzi amapatsa impso ntchito yovuta. Amayi amatetezeka ndithu pa zaka zobereka, koma akasiya kusamba naonso imaŵagwira. Nyemba, nandolo, mtedza ndi ndiwo zamasamba, zimene ena amaletsa odwala popanda chifukwa, sizionjezera ngozi ya gauti, ndipo mkaka umathandiza kuichepetsa.

Pali chinanso chimene anthu obwera ku chipatala ayenera kudziŵa. Mankhwala ena ofunika kwambiri amakweza uric acid. Ena mwa iwo ndi hydrochlorothiazide, amene amaperekedwa kwa odwala kuthamanga kwa magazi, ndi pyrazinamide, amene ali m'mapiritsi a miyezi iŵiri yoyamba ya chifuŵa chachikulu. Womwa mankhwalaŵa akamva kuŵaŵa molumikizana mafupa asaleke kumwa payekha, pakuti chifuŵa chachikulu chosiyidwa panjira nchoopsa kuposa chala chotupa. Abwerere kwa adokotala amene anampatsa, akafotokoze, iwo ndiwo adzaone chochita.

Chizoloŵezi chimene chikuononga anthu ambiri, a m'tauni ndi a kumudzi omwe, ndicho kugula Brufen, Indocid kapena diclofenac pa golosale nthaŵi iliyonse chala chikatupa. Mapiritsiŵa amaziziritsa ululu koma sachotsa mchere ngakhale pang'ono, ndipo akamwedwa kaŵirikaŵiri amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso zomwezo zimene zikulephera kale. Zaka zikamapita mcherewo umaunjikana kukhala zotupa zolimba m'zala, m'zigongono ndi m'makutu, mafupa amadyeka, ndipo ena amadwala miyala ya mu impso.

Mankhwala ochiza gwero la nthendayi alipo. Allopurinol, amene anachokera mu ntchito ya Gertrude Elion ndi George Hitchings a ku America, anayamba kuperekedwa kwa odwala gauti m'zaka za m'ma 1960, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe la World Health Organization. Amachepetsa uric acid amene thupi limapanga. Amayambidwa pang'onopang'ono, amamwedwa tsiku ndi tsiku ngakhale ululu palibe, ndipo cholinga chake nkutsitsa asidiyu pansi pa mamiligalamu 6, pamene mchere wounjikana umayamba kusungunuka. Miyezi yoyamba gauti ikhoza kubwerabe, ndipo ambiri amataya mtima pamenepo namaleka. Koma wotuluka ziŵengo pakhungu atayamba mankhwalaŵa aleke msanga ndi kuthamangira ku chipatala.

Wodwala wa kumudzi ayambire pa chipatala chaching'ono cha kwao, kumene adzamuyeze kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo ngati nkofunika adzamlembere kalata yopita ku chipatala chachikulu monga cha Kamuzu Central kukayezetsa magazi ndi impso. Bondo kapena chala chikatupa munthu akutenthanso thupi ndi kunjenjemera, apite tsiku lomwelo, chifukwa mafinya a molumikizana mafupa amafanana ndi gauti pa maonekedwe koma amaononga mwendo pa masiku oŵerengeka.